Kalata yotseguka kwa a Phungu a dera lathu: tibweretsereni wodziwa adzatiuze kuti chinyumba cha m'tsinde mwa Michesi n'chiyani

Olemekezeka a Phungu,

Landirani moni ndi ulemu woyenera udindo wanu. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, mwinimbumba m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Michesi kuno ku Phalombe, mmodzi mwa anthu amene mumawayimira ku Nyumba ya Malamulo. Sichinali cholinga changa kuti nkhaniyi ifike poyera chonchi. Ndinalemba kalata n'kukaisiya ku ofesi yanu. Ndinalankhula ndi mnyamata amene amakuyendetserani zinthu kuno. A Gulupu anakaitula ku msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera lathu. Inu nomwe ndinakupezani pamaliro ena n'kukukokerani pambali, ndipo munandigwira dzanja n'kunena kuti muziona. Kuchokera pamenepo kuli zii. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndalemba pano pamene aliyense angawerenge.

Kumtunda kwa minda yathu, pamene chigwa chimayamba kukwera phiri, pali chinyumba cha njerwa chopanda denga. Tonse tinabadwa n'kuchipeza, koma chinali chokwiririka m'minga ndi chitedze, ndipo ana tinkangouzidwa kuti kumeneko kuli njoka. Amene anachivundukula ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anakokolola tchire ndi dothi, n'kusiya poyera zimene ngakhale a msinkhu wanga sitinazionepo. Makoma ake ndi aatali, mawindo mulibe, khomo ndi limodzi. Njerwa zake ndi zazikulu kuposa za chikombole cha masiku ano, ndipo zinamatidwa ndi laimu woyera, osati simenti. M'munsi mwa khoma limodzi muli mabowo okhala ngati pakamwa pa uvuni. Chapambali pake pali masitepe otsikira m'dzenje lomangidwa bwino ndi njerwa zomwezo. Ukaima pamenepo n'kuyang'ana kumadzulo umaona mzere wa khonje wowongoka ndi zitsa za mabulugamu akuluakulu. Palibe chikwangwani, palibe chaka cholembedwa, palibe dzina. Timangoti "kuchinyumba".

Masitepe aja atangooneka, mbiri inawanda mpaka ku Migowi ndi kuseri kwa malire. Ena anati pansi pake Ajeremani anakwirira ndalama zasiliva. Ena anati muli golide. Posakhalitsa anayamba kubwera anthu usiku pa njinga zamoto, ali ndi matochi, mapiki ndi migwala. Akumba pansi pa makoma, ngodya imodzi yagwa, ndipo asiya maenje paliponse. Njerwa zabwinobwino ena akuzituta kukamangira zimbudzi. Kamnyamata kena koweta mbuzi kanagwera m'dzenje limodzi n'kuthyoka mwendo. Zonsezi ndi zoipa, koma sizimene zandilembetsa kalatayi.

Chandilembetsa ndi mayi anga aang'ono.

Ndi nkhalamba ya zaka zoposa 80, yamasiye, ndipo munda wawo ndi umene umagundana ndi chinyumbacho. Moyo wawo wonse akhala akulawirira kumeneko kukatola nkhuni ndi kutchera ndiwo, chifukwa ndi kumunda kwawo. Anthu a m'mudzi atayamba kuona kuwala usiku ndi kumva kugunda kwa pansi, sanaganize za okumba aja. Anakumbukira kuti pali gogo amene amapezeka kumeneko mbandakucha. Mwana uja atathyoka mwendo, manong'onong'o anakula. Mwezi womwewo khanda la banja lina linamwalira ndi malungo, ndipo pofika tsiku lotsatira maliro nkhani inali itapsa: akuti gogoyo amasunga ndondocha m'dzenje la masitepe, akuti ndiye amalandira alendo a usiku, akuti chinyumbacho anachibisa dala zaka zonsezi.

Madzulo ena kunabwera gulu. Ambiri mwa iwo ndi anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kulemba dzina, ena mayi anga omwewa anawalandira pobadwa, pakuti pa nthawi yawo anali mzamba. Anagenda malata, anathyola chitseko, anayatsa khitchini, ndipo moto unagwira nkhokwe. Mayi angawo anali atakhala pansi pakhonde, osathawa, chifukwa miyendo yawo siithamanganso. Ankangotchula mayina a anawo mmodzimmodzi, kuwafunsa kuti alakwa chiyani. Mwala wina unawatema pamwamba pa diso. Anapulumuka chifukwa amfumu anafika msanga n'kuima pakati, ndipo usiku womwewo mphwanga wina anawakweza panjinga, atawamangirira ndi chitenje kumsana kwake kuti asagwe, mpaka kwa mwana wawo wamkazi kutali ndi kuno.

Ali komweko mpaka lero. Amagona pamkeka m'chipinda cha zidzukulu. Nandolo wawo anauma m'munda n'kuthetheka wopanda wokolola, chifukwa ngakhale achibale ankaopa kuoneka m'munda wa "mfiti". Ndikapita kukawaona amafunsa ngati mbuzi zawo zili moyo, ngati manda a amuna awo alambulidwa, ngati anthu akadali okwiya. Munthu amene sanaberepo wina ngakhale chinangwa akufunsa ngati akhululukidwa! Nkhani ya chinyumba safunanso kuimva. Ndikaiyamba amatembenukira kukhoma.

Pamenepa ndi pamene mtima umandipweteka kwambiri, a Phungu, chifukwa m'mudzi monse munthu amene anali ndi kachidutswa ka mbiri ya malowa ndi iwowo. Kale, zinthu zisanafike poipa, anandiuza kuti bambo awo ankanena kuti ali mnyamata ankasenzera mzungu nkhuni kumeneko pa thangata, usana ndi usiku, moto osazima. Mawu amenewo ndi ochepa, koma kwa ine akutsegula njira.

Ndinene maganizo anga mosabisa. Ine ndikukhulupirira kuti chinyumbachi chinali balani yowotchera fodya ya pa esiteti ya mzungu. Balani ya fodya wowotcha ndi mapaipi imakhala chomwechi: yaitali, yopanda mawindo, yokhala ndi ng'anjo m'munsi mwa khoma pamene amasonkhapo moto kunja, kutentha n'kumayenda m'mapaipi mkati kuti utsi usakhudze masamba. Moto wake umayaka masiku angapo osalekeza, n'chifukwa chake pamafunika anthu osenza nkhuni, n'chifukwa chakenso azungu ankabzala mabulugamu pafupi. Fodya akauma amakhala wophwanyika, ndiye alimi akale ankamutsitsira m'dzenje lachinyontho kuti afewe asanamusankhe ndi kumumanga. Masitepe amene akuchititsa anthu mantha akhoza kukhala a dzenje lotero. Ndipo mbiri ya dera lathu ikugwirizana nazo. Kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe mu 1908, ndipo fodya ndi thonje zinafalikira m'maesiteti a kuno kumwera. A. L. Bruce Estates, eni Magomero kumene anthu a John Chilembwe anaukira mu 1915, analinso ndi esiteti ku Likulezi, kufupi konkuno. Makolo athu ambiri Achilhomwe anawoloka kuchokera ku Mozambique m'zaka zomwezo n'kukhala pa malo a azungu, kulipira malowo ndi thukuta lawo. Ngati ndikulondola, makoma amene anyamata athu akugwetsa pofuna chuma cha Ajeremani anamangidwa ndi manja a agogo awo, ndipo chuma chimene chinalipo chinapita kalekale pa sitima.

Za Ajeremani zokha ndiye ndingathe kutsutsa ndili chilili. Dziko lino linali m'manja mwa Angerezi kuyambira 1891, ndipo pamene Ajeremani analowa ndi nkhondo mu 1914 anakathera ku Karonga, kumpoto kwenikweni. Kuno sanalamulireko, ndipo sanamangeko nyumba.

Komabe ndikudziwa kuti pali ena amene ali ndi maganizo osiyana ndi anga, ndipo si opusa. Wina akuti inali nyumba ya asilikali olondera njira, yogwirizana ndi linga lakale la atsamunda la Fort Lister. Wina akuti dzenjelo ndi dipi yosambitsira ng'ombe, ngakhale dipi imakhala yaitali ndi yopapatiza. Ena akutchula a Payoniya amene anasiya misasa yawo asilikali atawalanda zida mu Disembala 1993, ena akutchula nthawi ya othawa nkhondo a ku Mozambique, pamene dziko lino linasunga anthu oposa miliyoni imodzi, koma zomanga za nthawi zimenezo zinali za simenti, ndipo tikanazikumbukira tonse. Ena akuti sukulu ya mishoni. Vuto si kusowa kwa maganizo. Vuto ndi lakuti mawu a mphunzitsi wopuma salemera kuposa mawu a sing'anga kapena a mnyamata wa kabaza amene walumbira kuti anaona moto ukuyenda wokha. Ndayesa kufotokoza za balani pabwalo la amfumu, ndipo anandiyankha kuti ndikuikira kumbuyo mayi anga. Pakufunika munthu wochokera ku boma, wodziwa ntchito yake, wopanda mbale m'mudzi muno, adzaime pakhomo la chinyumbacho anthu onse akumva n'kunena kuti ichi chinali chakuti, chinamangidwa nthawi yakuti.

Inu ndinu mwana wa kuno, ndipo simufunika kukumbutsidwa za 2017. Mphekesera za anamapopa zinayambira m'maboma athu omwewa a Mulanje ndi Phalombe, anthu anatseka misewu, magalimoto anaphwanyidwa, anthu osalakwa anaphedwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwa. Zonsezo zinayamba ndi nkhani imene palibe anaitsutsa msanga ndi mawu omveka. Anthu athu si ankhanza mwachibadwa. Ndi anthu amene anaona napolo wa mu Malichi 1991 akutsika m'phiri lomweli n'kukwirira anthu mazanamazana, anaonanso Freddy akuchita zomwezo, ndipo amakhala ndi mantha a zinthu zobwera usiku. Munthu wamantha ukamusiyira chinthu chopanda dzina pakhomo pake, amachipatsa dzina yekha, ndipo amafuna wina woti amuloze chala. Wolozedwayo nthawi zonse amakhala nkhalamba yopanda woiteteza. Lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma lamulo lili m'buku silinaletse mwala kufika pankhope ya mayi anga.

Chimene chikundikwiyitsa n'chakuti ntchito imene tikupemphayi si yaikulu. Boma lili ndi nthambi yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala, ya Museums and Monuments, ndipo muli anthu amene anaphunzira zimenezi. Munthu wotero akayeza njerwa, akaona chomatira, akasuzumira m'mabowo aja kuona ngati muli mwaye, akhoza kunena zambiri tsiku lomwelo. Zotsalazo zili m'mapepala. Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku a ma DC akale a boma la Mulanje, limene Phalombe inali mbali yake mpaka 1998, ndipo mumalembedwa maesiteti ndi eni ake. Ku nthambi ya Surveys kuli mapu akale ndi zithunzi zojambulidwa pa ndege. Ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi yodzaza ndi zolemba za nthawi ya atsamunda. Ine ndi ndalama ya penshoni sindingayende monsemo, ndipo ndikafika pakhomo adzandifunsa kalata. Inu kalata yanu imatsegula zitseko zimenezo. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limafuna kuti wopeza chinthu chakale adziwitse boma, ndipo limaletsa kukumba malo otero popanda chilolezo. Ife mbali yathu tinachita, tinadziwitsa. Amene akuphwanya lamulo ndi okumba usiku aja, ndipo palibe wawafunsa kanthu.

Taonani Fort Lister, pampata wa pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje. Nayonso ndi mabwinja, makoma ogumuka m'tchire. Koma palibe amene amanena kuti mumakhala ndondocha, chifukwa mbiri yake inalembedwa ndipo imadziwika. Inamangidwa mu 1893, nthawi ya Harry Johnston, kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadutsitsa anthu kupita kunyanja yaikulu cha ku Quelimane, ndipo inagwira ntchito zaka pafupifupi khumi zokha. Pali ngakhale manda a mzungu wina, Gilbert Stevenson, amene dzina lake likudziwika mpaka lero. Mu 2011 dziko lathu linaika malowa pa mndandanda wa njira za akapolo umene linapereka ku UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe. Mwana wa sukulu akafunsa, mphunzitsi ali ndi choyankha. Kusiyana kwa Fort Lister ndi chinyumba chathu n'kwakuti kwina kunapita munthu ndi cholembera, kwina sikunapite aliyense. Ndipo ndifunse mwaulemu: ngati dzina la mzungu mmodzi wogona pampata paja linasungidwa, bwanji malo amene makolo athu anakhetsera thukuta akusiyidwa kuti asanduke njerwa za zimbudzi?

Mu Julaye 2025 tinamva pa wailesi kuti phiri la Mulanje lalowa m'gulu la malo ofunika padziko lonse otetezedwa ndi UNESCO, kutsatira paki ya Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006. Tinasangalala. Pa kampeni inu munaima pabwalo la sukulu yathu n'kunena kuti alendo adzabwera, achinyamata adzapeza ntchito yoperekeza alendo, amayi adzagulitsa zoumba ndi zoluka. Munalonjezanso mlatho wa pamtsinje umene ana amalephera kuwoloka nthawi ya dzinja, ndi mjigo m'malo mwa uja unakokoloka. Amene analipo inu musanalowe analonjezanso zomwezo, pabwalo lomwelo. Mlatho kulibe, mjigo kulibe, ndipo amayi akutungabe madzi m'mchenga. Sindikuwerengera izi kuti ndikuchititseni manyazi. Ndikudziwa kuti mlatho umafuna ndalama zambiri ndipo simuugwira nokha. Koma ndikufuna muone chifukwa chake anthu atopa: ngati chachikulu chakanika, ndipo chaching'ono chofuna kalata imodzi ndi mafuta a galimoto ya tsiku limodzi chakanikanso, ndiye tiziti phungu ntchito yake n'chiyani? Alendo amene munawalonjezawo adzaona chiyani, ngati pofika iwo makoma adzakhala atatha?

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pa nkhaniyi wamkulu ndinu. Sindinataye chikhulupiriro mwa inu, ndikanataya sindikanavutika kulemba. Ndinakuonani nthawi ya Freddy mukuyenda m'matope kufikira misasa ya anthu, ndipo ndikudziwa kuti mtima muli nawo. Koma mtima umenewo ukufunika tsopano, mvula isanayambe, chifukwa makoma ofukulidwa pansi sadzapirira dzinja lina, ndipo maenje aja akadzadza madzi tidzatolamo mwana.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Lemberani a Museums and Monuments, ndipo musangolemba n'kukhala, muwatsatire mpaka atumize munthu. Tsiku limene adzabwere mubwere nawo inuyo, pamodzi ndi a T/A, a Gulupu ndi apolisi, ndipo msonkhano uchitikire pachinyumba pomwepo, masana, aliyense wofuna atsike masitepewo aone yekha kuti muli dothi ndi achule. Wodziwayo akhale pansi ndi nkhalamba zimene zatsala, alembe zimene makolo awo anawauza za thangata ndi za mzungu wa pamalopo, ziwerengedwe pamodzi ndi zimene zili ku Zomba. Akapeza yankho, kaya ndi balani monga ndikuganizira, kaya ndi china, liikidwe pa chikwangwani m'Chichewa ndi m'Chilhomwe. Maenje a okumba akwiriridwe, dzenje la masitepe litchingidwe, ndipo zilengezedwe kuti wopezeka akukumba kapena kututa njerwa adzayankha mlandu. Achinyamata a m'mudzi muno ali okonzeka kugwira ntchitoyo ndi makasu awo, ndalankhula nawo, kuphatikizapo ena mwa amene anagenda.

Ndipo pamsonkhano womwewo, pamaso pa onse, munene ndi pakamwa panu kuti mayi anga aang'ono alibe mlandu. Muwatenge pa galimoto yanu kuchokera kumene anathawira, muwatsitse pakhomo pawo, amfumu alamule kuti amene anawotcha khitchini ndi nkhokwe azimangenso. Ndi okalamba, a Phungu, ndipo akufuna kudzafera pamudzi pawo, pafupi ndi manda a amuna awo. Sitingadikire chisankho china.

Yankho lanu mulipereke poyera monga ndalembera ine, ndipo mutchulemo tsiku limene mudzafike. Amfumu ali ndi nambala yanga.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
m'tsinde mwa Michesi, Phalombe